Kuphunzitsa kuwonkhetsa mu Sitandade 1

Aphunzitsi, mwati ana ndi ambiri mabuku ochepa, muyambire pati.

Zofunika: zitsekerero za mabotolo kapena timiyala 9 pa gulu, ndi choko. Nyemba ayi, ena amaika m'mphuno.

1. Agaweni m'magulu a ana 6, panja padzuwa, ku Dedza kuno m'kalasi m'mawa zala zimachita kuuma.
2. Aike 2 kumanzere, 3 kumanja.
3. Aphatikize, awerenge mokweza chala chikukhudza chimodzichimodzi.
4. Kenako ndiye mulembe 2 + 3 = 5 pabolodi, iwo alembe padothi.
5. Sinthani manambala koma ansala isapyole 9.

Pa sitepe 3 mpamene ambiri timalakwitsa, mwana amangoimba wani thuu filii pakamwa kuthamanga chala chatsalira m'mbuyo ife nkumati wadziwa, muimitseni ayambirenso pang'onopang'ono.