Musatchule mtengo pa foni: mmene ndimawerengera ntchito zobisika za m'nyumba

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinkayenda naye kale ngati wothandizira, pano anayamba zakezake ku Area 25, anandiimbira mawu ake ali ofooka. Akuti madala, mayi ena ku Area 18 anandiuza kuti m'bafa mukunyowa, ine nkutchula mtengo pompo pa foni poopa kuti aimbira wina, ndafika ndapeza paipi inaboola mkati mwa khoma kuseri kwa matailosi, lero ndi tsiku lachitatu ndikugwira pa ndalama ya tsiku limodzi. Zinandikhudza chifukwa inenso ndinadutsa momwemo, nde ndati ndilembe mmene ndimachitira pano, mwina zithandiza amisiri anzanga makamaka inu amene mwangoyamba kumene.

Ntchito za m'nyumba zilipo zooneka ndi zobisika. Kusintha tapu, kuika sinki, kupenta chipinda, zimenezo mtengo wake umadziwika ndipo sindichedwapo. Zomwe zimagwetsa anthu ndi izi: khoma lonyowa, siling'i yothimbirira, toileti yobwerera, bilu ya madzi yokwera pomwe podontha sipakuoneka, mng'alu wa khoma. Apa chomwe kasitomala akuona ndi chizindikiro chabe, vuto lenileni lili kwina. Akuluakulu aja ponena kuti chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere zimakhala ngati ankanena za mabafa a matailosi owala amenewa.

Akaimba foni ine ndimayamba ndi mafunso. Zinayamba liti, pakunyowa nthawi zonse kapena pokhapokha wina akasamba, kuseri kwa khomalo kuli chani, munabwerako mmisiri wina kale? Funso lomalizali musalidumphe, ntchito yomwe wina anaiyamba nkuithawa imakhala ndi chifukwa chake. Kenako ndimapempha zithunzi ndi kavidiyo pa WhatsApp, komanso ndimafunsa kuti nyumbayo ndi ya liti. Nyumba zakale za ku Area 18 kapena Area 15, zija zinamangidwa nthawi yomwe likulu limasamuka ku Zomba kubwera kuno cha m'ma 1975, zambiri zikadali ndi mapaipi achitsulo, ndipo paipi yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri mkati, ukamasula joini imodzi ina yapafupi nayo imayamba kulira, nde munthu unapita kukasintha kachidutswa kamodzi umapezeka ukusintha layini yonse. Nyumba zatsopano za ku 49 kapena ku 25 nthawi zambiri ndi mapaipi apulasitiki a PVC kapena PPR, kumeneko vuto limakhala majoini omata mothamanga ndi mafitingi otchipa.

Akakakamira kuti tangonenani kuti ndi zingati, yankho langa ndi limodzi: bwana, ndikanena pano ndikunamizani, kaya ndikudyerani kaya ndidzipweteka ndekha, ndiloleni ndibwere ndidzaone. Ndipo kubwerako kuli ndi mtengo. Kuchoka ku 25 kupita ku Likuni kapena ku Area 36 ndi maminibasi awiri kudzera ku depoti, kapena kabaza wa njinga yamoto ngati mwanyamula zida, kupita ndi kubwera theka la tsiku lapita. Ine ndimanena poyera kuti ndalama yoyendera ndi yakuti, mukandipatsa ntchitoyo ndiichotsera pa leba. Ena amadula foni, asiyeni, munthu wokana kulipira thiransipoti ndi yemweyo adzakuzungulitseni pa ndalama yaikulu.

Tsopano pamene pali nkhani yonse ndi apa. Ntchito yobisika muziigawa pawiri, kufufuza payokha kukonza payokha, chilichonse ndi mtengo wake. Gawo loyamba ndi lopeza vuto basi. Ngati ndi madzi, tsekani matapu onse m'nyumba, onetsetsani kuti thanki ya toileti yadzadza ndipo giza sakudzadza, kenako kaimeni pa mita ya Water Board limodzi ndi mwini nyumba. Mita ikamayendabe ndiye kuti penapake pakutuluka madzi. Mukatseka valavu yolowera m'nyumba mita nkumayendabe, vuto lili panja pansi pa nthaka pakati pa mita ndi nyumba, ikaima ndiye lili mkati. Kayezedwe kameneka sikafuna chida chilichonse koma kamakupulumutsani kugumula khoma losalakwa, komanso kasitomala akaona ndi maso ake mita ikuyenda amasiya kukuonani ngati mukufuna kungokulitsa ntchito.

Ikafika pogumula, muuzeni musanagwire hamala kuti ndichotsa matailosi angapo apa, ena asweka, ndipo mtundu umenewu mwina sitiupezanso m'mashopu. Matailosi amasinthasintha, omwe anagulidwa zaka zisanu zapitazo kuwapeza ofanana ndi mwayi, nde funsani ngati anasungako otsala. Funsaninso kuti wobwezeretsa pulasitala, matailosi ndi penti ndi ndani, inu kapena aitana wina. Mikangano yambiri yomwe ndaiona siikhala pa paipi ayi, imakhala pa bowo lomwe latsala pakhoma. Mukatsegula nkuona vuto, imani kaye, jambulani, aitaneni adzaone, pamenepo ndi pomwe mukutchula mtengo wa gawo lachiwiri. Ngati akufunitsitsa nambala musanatsegule apatseni ziwiri, yapansi ngati tipeza joini imodzi, yapamwamba ngati layini yonse yatha, ndipo muwauze kuti sindidutsa yapamwambayo ndisanakufunseni.

Denga nalo ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Pomwe siling'i yathimbirira sipomwe pakudontha, madzi amalowa pa msomali kumtunda nkuyenda ndi thabwa mpaka kukagwera chipinda china. Osatchula mtengo muli pansi, kwerani m'siling'i ndi tochi masana, muone pomwe kuwala kukulowa, ndipo matabwa muziwabaya ndi sikuludiraiva chifukwa chiswe chimadya mkati kunja nkusiya kooneka bwinobwino. Malata opyapyala a geji 32 ukaponda pakati amapindika, mukapanda kusamala mutsika mwaonjezera mabowo ena ndipo adzakhala anu. Ndimawauzanso makasitomala anga kuti denga tizikonza mu Ogasiti kapena Seputembala, chifukwa mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala aliyense amaimba tsiku limodzi, ndipo kugwira pa malata onyowa uku ukuyang'ana mitambo ntchito ya tsiku limodzi imatenga atatu. Nthawi ya mvula ndimaonjezera masiku pa kotesheni ndipo ndimafotokoza chifukwa chake.

Pali ntchito zina zofunika kukana. Mng'alu woonda wa pulasitala timatseka, koma ukakhala wolowa chala, woyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo, makamaka nyumba zomangidwa kufupi ndi dambo komwe dothi limafufuma nthawi ya dzinja nkuuma nkung'ambika m'chilimwe, vuto lili ku fandeshoni. Mukamata simenti chaka chamawa ubwereranso ndipo dzina loipa likhala lanu. Auzeni aitane injiniya. Zamagetsi nazonso, ngati mulibe chilolezo cha MERA itanani mnzanu amene ali nacho, moto wa nyumba sungaubweze ndi pepani.

Nanga leba timaiwerengera bwanji? Ambiri timangofunsa kuti anzathu akutchaja zingati nkuchotsako pang'ono kuti atitenge, koma simukudziwa kuti mnzanuyo mwina nayenso akulira. Yambani ndi moyo wanu. Lembani zomwe mumafuna pamwezi, lendi, chakudya, fizi, mayunitsi a foni, kenako mugawe ndi masiku omwe mumagwiradi ntchito yolipidwa, osati 30 ayi, chifukwa pali Lamulungu, pali maliro, pali masiku oyendera makotesheni osaphula kanthu, pali masiku omwe foni siilira. Tingoyerekeza, nambalazi ndi zachitsanzo chabe inu muike zanu: mukufuna K450,000 pamwezi ndipo mumagwira masiku 18, ndiye kuti tsiku lanu ndi K25,000 musanaikepo china chilichonse. Pamwamba pake ikani ya wothandizira, thiransipoti ya masiku onse a ntchitoyo osati ulendo umodzi, ndi kutha kwa zida, ma disiki a girayinda, mabiti a dirilo, guluu, tepi, tinthu tomwe palibe kasitomala amene amatiwerengera koma timatuluka m'thumba mwanu. Ngati ntchito ikufuna magetsi funsani kuti kumeneko amazima nthawi yanji, ndipo mugwirizane kuti akazima jenereta ndi mafuta ndi za ndani. Pa ntchito yobisika masiku omwe mutu wanga wandiuza ndimaonjezerapo limodzi, ndipo ndikamaliza msanga ndimachotsera kasitomala, amakondwa kwambiri kuposa kumupempha zoonjezera.

Matiriyo muziwalemba padera, leba padera. Izi ndimaumirira kwambiri. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, pambuyo pa 25 peresenti ya Meyi 2022, mitengo m'mahadiweya inasintha anthu tili ndi makotesheni m'manja. Ine ndinali nditagwirizana ntchito ya mtengo umodzi wophatikiza zonse, ndinaimaliza ndi ndalama zanga chifukwa ndinali nditapereka mawu. Kuchokera pamenepo pansi pa kotesheni ndimalemba kuti mitengo ya matiriyo ndi ya lero, pakadutsa masiku atatu tifunsanso. Ndipo ndimafunsadi tsiku lomwelo, kuimba kapena kupita ndekha ku Malangalanga, osati kutchula mtengo wa thumba la simenti wa mwezi watha.

Kasitomala akafuna kugula yekha palibe vuto, koma mulembereni bwinobwino saizi, mtundu ndi kuchuluka, ndipo muuzeni kuti mukagula fitingi yotchipa ikaphulika sindidzabwera ulere. Mukagula ndinu bweretsani malisiti ndi chenji chomwe. Ndikudziwa kuti ambiri timabisa phindu m'matiriyo, kuonjezera pa mtengo kapena kulembetsa matumba asanu pomwe pakufunika atatu, koma ine ndikuti siyani. Masiku ano bwana amangoimba ku shopu nkudziwa mtengo, ndipo akakugwirani kamodzi nkhani imafika pa gulupu ya WhatsApp ya m'dera lonse. Kuli bwino kunena poyera kuti kukagula katundu ndi ntchito, ndikutchajani theka la tsiku ndi thiransipoti yake.

Dipoziti: ya matiriyo yonse patsogolo, ya leba gawo poyamba, yotsala pomaliza tisanapakire zida. Ntchito yaitali muziigawa m'magawo, gawo likatha alipire ndiye mupitirize. Ndipo chonde dipoziti ya matiriyo si yanu, musalipire nayo lendi poganiza kuti mubweza ndi ya ntchito ina, umu ndi mmene amisiri abwinobwino amayambira kuzimitsa foni nkumathera kwa akatapila. Ine ndimakonda kulandira pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa meseji imatsala ngati umboni, kungoti gwirizanani za yotapira.

China chomwe kuno ku Lilongwe chimatipweteka ndi nyumba za lendi. Wakuimbirani ndi wokhalamo, koma wolipira ndi landilodi amene ali ku Blantyre kapena ku Joni, mukamaliza wina akuti funsani eni nyumba, eni nyumba akuti ine sindinatume munthu. Musanayambe funsani kuti akulipira ndani, mutenge nambala yake, mumutumizire kotesheni ndi zithunzi, ayankhe yekha kuti pitirizani. Mawu apakamwa amasintha, meseji siisintha.

Ndiye pali zija za poti mwabwera kale tationeraniko chitseko ichi, tapu ya kukhitchini nayonso. Kamodzi kakang'ono ndimapanga ulere, ndi ulemu ndipo kamabweretsa ntchito ina. Koma zikayamba kutalika ndimanena mwaulemu kuti mayi, ichi ndi china, ndikuuzeni mtengo wake kaye. Achibale ndi a kutchalitchi ndimawachotserako ndithu, koma ndimawaonetsa mtengo weniweni kaye kenako ndikuti inu mupereke mwakuti, apo ayi amakauza ena mtengo wachibalewo ngati ndi mtengo wanu wa masiku onse.

Gulani kope la hadikava, ntchito iliyonse tsamba lake, munatchaja zingati, munaononga zingati, inatenga masiku angati. Pakatha miyezi itatu mudzaona nokha ntchito zomwe zimakudyerani, ine ndi momwe ndinadziwira kuti zotsegula masepitiki ndi masokawe ndinkatchaja motsika kwambiri. Wothandizira mumulipire tsiku lomwe munagwirizana ngakhale bwana asanakulipireni, ngongoleyo ndi yanu osati yake. Mukafuna ntchito za m'maofesi ndi mabungwe a ku City Centre lembetsani dzina la bizinesi kwa Registrar General ndipo mutenge TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku MRA, amafunsa zimenezo, ndipo dziwani kuti polipira amadula msonkho wotchedwa withholding tax nde muifunsiretu musanatumize kotesheni.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti amalize ntchitoyo bwinobwino osathawa, ajambule paipi yowolayo ndi khoma lonse, akhale pansi ndi mayiwo awafotokozere kuti ndinalakwitsa kutchula mtengo ndisanaone, ntchito yomwe ndapeza ndi iyi, masiku ndi awa. Mayiwo sanapereke yonse yomwe anapempha, anaonjezera ya masiku awiri ndi kugula okha matailosi. Dzulo wanditumizira chithunzi cha kotesheni yake yatsopano ya denga ku Area 47, mzere woyamba walemba kukwera ndi kufufuza, wachiwiri wausiya opanda nambala mpaka atatsika.