Malangizo a kapimidwe ka injini imene ilandila mafuta ocepa: nambala P0171

Malangizo aya ni a amakanika na eni motoka amene ali na skana ya OBD, kacipangizo kowelenga manambala a mavuto amene kompyuta ya motoka yasunga. Zitsanzo tazitenga pa injini ya Toyota 1NZ-FE ya malita 1.5, imene ipezeka mu Vitz, Corolla, Fielder, Allion, IST, Sienta na Probox zambili zocokela ku Japan zimene zimalowela pa Nakonde. Njila yake ni imodzimodzi pa injini zina za petulo, koma manambala a pulesha ya mafuta amasiyana. Ngati motoka yanu ni ya mtundu wina, manambalawo muwaone m'buku la motokayo.

Tanthauzo la nambala imeneyi

Kuti petulo apse bwino, injini imafuna magilamu 14.7 a mpweya pa gilamu imodzi ya petulo. Kompyuta ya motoka imayeza mpweya wolowa na sensa ya MAF, ndiyeno imamvela sensa ya oksijeni ya ku ekizosi kuti idziwe mmene zapsela. Ikaona kuti mu utsi mwatsala oksijeni wambili, imawonjezela mafuta. Ikawonjezela mpaka polekezela pake koma osakwana ndithu, imayatsa nyale ya Check Engine na kusunga P0171. Pa injini za V6 monga ya Mark X pamabwelanso P0174, imene ikamba za masilinda a mbali inayo. Zikabwela zonse ziwili pamodzi, ganizilani cinthu cimene cimadyetsa mbali zonse, monga pampu kapena MAF.

Woyendetsa angadandaule kuti injini injenjemela ikaima pa maloboti, ijejema ponyamuka, ilema pa citunda, kapena ivuta kuliza m'mawa. Nthawi zina palibe cimene amva, nyale cabe ndiyo yayaka. Olo n'telo musailekelele. Injini yocepekedwa mafuta imatentha kwambili mkati, imayamba kudumpha moto, ndipo m'kupita kwa nthawi imawononga mapulagi, mavavu na catalytic converter, cimene cimayeletsa utsi mu ekizosi.

Musathamangile kukagula sensa ya oksijeni. Apa ndiye pamathela ndalama za anthu ambili. Sensa ija ni mboni cabe, yanena zimene yaona mu utsi, ndipo kawilikawili imakhala yanena zoona. Mukaika yatsopano, nayonso idzanena zomwezo pakapita masiku ocepa.

Musanagwile sipanala

Gwilani nchito pabwalo kapena m'galaji mopita mphepo. Fodya, mbaula na makina owochelela zikhale kutali, cozimitsila moto ca ufa cikhale pafupi. Musacotse batili, komanso musafafanize nambala musanawelenge zimene kompyuta yasunga, cifukwa mukatelo mwataya umboni wonse. Soketi ya skana ili na mapini 16 ndipo imakhala pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala. Motoka zina zopangidwila msika wa ku Japan, makamaka zakale, sizimvana na skana zochipa. Zikatelo sankhani Toyota kapena JOBD pa skana, kapena bwelekani ina.

Lembani manambala onse amene atuluka. Tsegulaninso freeze frame, imene ionetsa liwilo la motoka, kuzungulila kwa injini na kutentha kwa madzi pa nthawi imene vuto linagwidwa. Pakakhalanso nambala ya MAF kapena ya sensa ya kutentha kwa madzi, yambani na imeneyo.

Kuwelenga fuel trim

Mbali iyi ndiyo mtima wa nchito yonse, conco musaithamangile. Lizani injini mpaka madzi atenthe kupitilila madigili 80, mucotse AC na magetsi. Pa skana pezani STFT na LTFT, manambala awili a fuel trim. Yoyamba ionetsa mafuta amene kompyuta iwonjezela kapena kucotsa pa nthawi yomweyo, ndipo imasinthasintha. Yaciwili ionetsa zimene kompyuta yazolowela kwa masiku. Muziphatikize. Pa injini yabwino zimakhala pafupi na zilo, osapyola 10 pelesenti uku kapena uku. Zikafika pa 20 kapena 25 pelesenti kumtunda, ndiye kuti kompyuta ivutika kutseka dzenje lalikulu.

Lembani nambala imene mwapeza injini ili pa idle, kutanthauza ikulila yokha osaponda mafuta. Ndiyeno pondani mafuta mpaka 2,500 rpm, mugwile pamenepo kwa mphindi imodzi, mulembenso. Manambala awiliwa ndiwo adzakuuzani kolowela.

Ngati ni okwela pa idle koma atsika mukaponda, pali pamene mpweya ulowela mozemba, osadutsa pa MAF. Cifukwa cake n'cakuti pa idle injini imakoka mpweya wocepa kwambili, ndiye kaboowo kakang'ono kamasokoneza muyeso wonse. Mukaponda, mpweya wodutsa njila yoyenela umaculuka ndipo wa pa kaboowo suonekanso kanthu. Ngati ali bwino pa idle koma akwela mukaponda, kapena akwelelatu pa msewu motoka ikakoka, ndiye kuti mafuta safika okwana, kapena MAF iwelenga mpweya wocepa kusiyana na umene ulowadi. Akakhala okwela ponseponse mofanana, ganizilani MAF, ma injector (opopela petulo mu injini) otsekeka, kapena ekizosi yotuluka utsi pafupi na injini.

Ngati ni mpweya wozemba

Yambani na hosi yaikulu yakuda yocokela pa bokosi la sefa ya mpweya kupita ku throttle, kacitseko ka mpweya kamene kamatseguka mukaponda mafuta. Icotseni ndithu, muipinde m'manja, muyang'ane m'makwinya ake, makamaka kunsi kumene maso safika ili pa motoka. Labala wa zaka zambili amang'ambika mmenemo. Onaninso hosi ya PCV (yobwezela nthunzi ya mu injini kuti ikapse), hosi ya booster ya mabuleki, na tumapaipi tonse tung'onotung'ono twa pa manifold, paipi yogawila mpweya ku masilinda. Hosi yomangidwa na tepi kapena malegeni siinakonzedwe, isintheni.

Mahosi akakhala bwino, gasketi ya intake manifold ndiyo yotsatila. Ikauma imalowetsa mpweya makamaka injini ikali yozizila, conco motoka yotele imavuta m'mawa mwa June na July n'kukhalako bwino ikatentha. Njila yabwino yopezela pocucha ni makina oponya utsi mu manifold injini ili yozima, utsi n'kumatulukila pa boowo. Ena amapopela carb cleaner m'mbali mwa gasketi injini ikulila, n'kuona ngati STFT yatsika mwadzidzidzi. Njilayi imagwila, koma mankhwalawo amayaka. Ngati mwasankha kutelo, popelani pang'onopang'ono, kutali na ekizosi na makoyilo.

Ngati ni MAF

Fumbi la August mpaka October, maka kwa oyenda m'misewu ya dothi, ndilo mdani wa sensa imeneyi. Sefa ya mpweya yong'ambika, yosakhala bwino m'bokosi, kapena yoombedwa na kompulesa mpaka kubooka imalowetsa fumbi, fumbilo n'kumata pa kawaya kotentha ka mkati mwa sensa. Zimitsani motoka, cotsani soketi, masulani masikuluu awili. Popelani mankhwala olembedwa kuti ni a MAF basi. Petulo, mafuta a mabuleki na kansalu zisayandikile, ndipo kawayako musakakhudze na ciliconse. Isiyeni iume yokha musanaibwezele, muikenso sefa yatsopano. Pa 1NZ-FE yotentha, pa idle, skana imaonetsa magilamu pafupifupi awili pa sekondi. Ku malo okwela monga Lusaka, pa mamita pafupifupi 1,300, mpweya ni wopepukilako, koma kompyuta imadziwa kulinganiza zimenezo, conco si cifukwa ca P0171.

Ngati ni mafuta

Pulesha imayezedwa na geji, kumvetsela kulila kwa pampu sikukwana. Coyamba tsitsani pulesha m'paipi: cotsani soketi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, ndiyeno masulani waya wa negative pa batili. Kulungani nsalu polumikiza musanamasule paipi. Mukamanga geji na kubwezela zonse, lizani injini. Pa 1NZ-FE geji ionetse pakati pa 304 na 343 kPa, kumene ni 44 mpaka 50 psi. Mukazimitsa, pulesha isatsike kufika pansi pa 147 kPa pa mphindi zisanu. Ikagwa msanga, pampu, regulator (yosunga pulesha pa muyeso wake) kapena injector icucha.

Pa motoka zimenezi pampu, sefa na regulator zimakhala pamodzi mu thanki, ndipo pa zambili mumazifika mukacotsa mpando wa kumbuyo. Yang'anani kasefa ka kunsi kwa pampu. Mafuta a m'vigubu amabwela na dothi na madzi, ndipo kuyenda masiku onse nyale ya mafuta ili ciyakile kumatopetsa pampu, popeza petulo yemweyo ndiye amaiziziletsa. Mukapeza matope, tsukani thanki musanaike pampu yatsopano, apo ayi nayonso sidzakhalitsa. Pulesha ikakhala bwino koma fuel trim ikali yokwela, pelekani ma injector akayezedwe na kutsukidwa pa makina, ndipo powabwezela muike ma O-ring atsopano.

Ekizosi na sensa

Mng'alu pa exhaust manifold, kapena gasketi yopsa kutsogolo kwa sensa, imakokela mpweya wa kunja mu utsi, sensa n'kumanena kuti mafuta acepa pamene ali okwana. Mvetselani kaphokoso ka "ti-ti-ti" injini ikangolila m'mawa, muyang'anenso mwaye wakuda polumikiza. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene mungakayikile sensa yeniyeniyo. Poigula tengani nambala ya pa sensa yakale, cifukwa zina ni za oksijeni wamba, zina ni za A/F (zoyeza muyeso wa mpweya na mafuta), ndipo sizisinthana olo zifanane maonekedwe.

Mukamaliza kukonza, fafanizani nambala na skana, muyende ulendo wa mphindi 15 kapena 20 wophatikiza tauni na msewu waukulu. Zimitsani, mulizenso, muyendenso kaciwili, cifukwa kompyuta ya Toyota imayatsa nyale ya P0171 ikapeza vuto pa maulendo awili otsatizana. Motoka ipelekedwe kwa mwini wake pokhapo STFT na LTFT pamodzi zili pansi pa 10 pelesenti, pa idle na pa 2,500 rpm pomwe.