Momwe mungagwirire nkhumbutera ndi kuzikazinga

Mvula ikakhazikika, mitengo ya mthethe n'kuphuka masamba anthete, kumadera otentha a m'chigawo cha Tete, monga Moatize ndi Changara, kumamveka kachilombo kouluka mwaphokoso ngati njinga yamoto ili patali. Imeneyo ndi nkhumbutera. Akatswiri amaitcha Sternocera orissa, ya m'banja la Buprestidae lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 15,000. Kutalika kwake ndi masentimita ngati 4, yakuda mobiriwira, yonyezimira ngati chitsulo, yokhala ndi mawanga achikasu pamsana. Ndi ndiwo, yonona bwino.

Choyamba, lawirani. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Dzuwa likakwera, nkhumbutera imakhala yatcheru, mukangoyandikira yauluka. Koma m'mamawa, mame asanakamuke, imangokhala duu pansonga za nthambi pomwe inkadya masamba.

Tengani nsungwi yaitali, chitenje chakale ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Nsapato musaiwale, minga ya mthethe siiseka ndi munthu. Mtengo woyandikana ndi munda wa thonje kapena wa fodya wopoperedwa mankhwala ulambalaleni.

Yalani chitenje pansi pa mtengo, kenako gwedezani nthambi ndi nsungwi ija. Zikagwa zimapinda miyendo ngati zafa. Musanamizike, tolani msanga, muponye m'ndowa n'kuvundikira.

Zina zisiyeni mumtengo. Yaikazi imagwetsa mazira pansi, mphutsi zake n'kulowa m'nthaka momwe zimadya mizu mpaka kudzatuluka zili ndi mapiko. Mukakokolola zonse, kapena mthethewo mukauotcha makala, malo amenewo mudzangopezapo zii.

Mukafika pakhomo zithireni madzi otentha kuti zife. Thotholani mapiko olimba akunja, mapiko ofewa am'kati ndi miyendo, ena amachotsanso mutu. Tsukani, ikani m'chiwaya kapena m'phale, thirani timadzi pang'ono ndi mchere. Madziwo akaphwa, pitirizani kutakasa pamoto wochepa mpaka ziume, zizimveka khirichi mukaluma. Ine mafuta sindithirako, zili nawo kale. Zazikazi zodzaza mazira ndiye zomwe ana amalimbirana pambale.

Mapiko olimba aja musataye onse. Kunyezimira kwake kumachokera m'kapangidwe ka chikamba chenichenicho, osati utoto, n'chifukwa chake sikusuluka msanga. Abooleni ndi singano, muwatunge paulusi, mwana wamkazi avale m'khosi.