Kukonza ulendo wa patchuthi wokaona malo akale a ku Dedza ndi ku Ntcheu

Ambiri a ife ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu timabwerera kumudzi pa Khrisimasi, pa Pasaka kapena ana akatsekera sukulu, ndipo zimene anawo amakakumbukira akabwerera kutauni ndi mpunga ndi nkhuku, zovala zatsopano ndi ngumbi zokazinga za agogo. Zimenezi n'zabwino, koma pafupi ndi midzi yathu yomweyi pali malo amene alendo amalipira ndege kudzawaona, pamene eniake timangowadutsa pa minibasi tikuodzera. Ulendo wokaona malowa sufuna chuma chambiri. Umafuna kusankha bwino nyengo, kudziwa woyenera kumupempha chilolezo, ndiponso kutenga munthu wachikulire wodziwa kufotokoza.

Yambani ndi nyengo, chifukwa ndiyo imene idzakuuzeni kolowera. Tchuthi cha Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano chimafika mvula itakhazikika, ndipo misewu ya fumbi yolowera kumapiri imakhala yoterera kotero kuti ngakhale wa kabaza wa njinga yamoto amayamba wakayika asanavomere kukunyamulani. Nthawi imeneyo ndi bwino kusankha malo amene ali pafupi ndi msewu wa phula. Ulendo wa kumapanga muusungire miyezi ya Juni mpaka Okutobala, pamene njira zauma ndipo udzu wagwa kapena wapsa. Mukapita mu Juni kapena Julaye, musadalire dzuwa la m'mawa. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo chifunga chikatsika kuchokera kuphiri mwana wopanda juzi amayamba kulira ulendo usanafike pakati.

Malo amene ndikanakonda kuti banja lililonse la kuno likafikeko ndi nkhalango ya Chongoni ku Dedza. M'mapiri a m'nkhalango imeneyi ndi m'madera oyandikana nayo muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera lonseli m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Odziwika kwambiri kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Musayese kuwamaliza onse tsiku limodzi, pakuti ndi otalikirana ndipo aliwonse amafuna kukwera phiri wapansi. Sankhani amodzi, munyamuke m'mamawa, mutenge madzi akumwa, kamba ndi nsapato zosaterera pamwala. Ndalama muzisinthiretu kukhala zing'onozing'ono, chifukwa kumapiriko netiweki imavuta ndipo simungadalire kulipira pa foni.

Mukafika m'mudzi wa m'munsi mwa phiri, musalunjike kukwera ngati kuti phirilo lilibe eni. Perekani moni, funsani kwa amfumu kapena kwa amene amayang'anira malowo, ndipo mugwirizane ndi wokulondolerani za malipiro ake musanayambe kuyenda. Popanda munthu wotere mukhoza kuzungulira thanthwe loyenera osaona kanthu, popeza zojambula zambiri zili kunsi kwa miyala yowerama, kumene mvula siifika.

Mukaima pamaso pa thanthwe, dikirani kuti maso azolowere mthunzi, kenaka muuze ana kuti asiyanitse mitundu iwiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, ndipo mukayandikira mudzaona kuti dothilo n'lochindikala, pena likuoneka pamene chala chinathera. Zina zimaoneka ngati ng'azi kapena buluzi amene watambasula miyendo ukamuyang'ana uli pamwamba, ndipo zimakhudzana ndi malangizo a chinamwali cha atsikana, pamene zina ndi zilombo za gule wamkulu. Pamenepa ndi pamene agogo amafunika. Mwana akafunsa kuti, "Agogo, chimenechi n'chiyani?" asiyeni ayankhe mmene akuonera kuti n'koyenera, ndipo akanena kuti zina si zokamba pagulu, musawakakamize, chifukwa chinsinsicho ndi mbali ya mwambo umene unabala zojambulazo.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima kwambiri: m'mapanga ena anthu analembamo maina awo ndi makala kapena choko pamwamba pa zojambula zimene zapirira zaka mazanamazana. Musakhudze thanthwe ndi dzanja, musalithire madzi pofuna kuti mtundu uwale pa chithunzi, ndiponso musasonkhe moto m'phangamo, pakuti thukuta, chinyezi ndi mwaye zimafafaniza utoto umene palibe angaubwezeretse. Ana muwauziretu zimenezi muli m'njira.

Ngati tchuthi chanu ndi cha nthawi ya mvula, pitani ku Mua. Ochokera kumtunda amakhotera pa Masasa n'kutsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka ku Golomoti, kenaka n'kulowera kumpoto ndi msewu wa M5. Ngati mukuyendetsa nokha, onetsetsani mabuleki musananyamuke ndipo mutsike pa giya yaing'ono. Ma juzi mudzawavula musanafike kunsi, chifukwa kuchigwa n'kotentha. Mishoni ya Mua inatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsapo Kungoni, malo osungira ndi kuphunzitsa chikhalidwe ndi luso losema. Pa Kungonipo, m'nyumba yoonetseramo zinthu zakale yotchedwa Chamare, mudzaona mbiri ya mishoniyo, miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso chipinda chodzaza ndi nkhope za gule wamkulu, iliyonse ndi dzina lake ndi phunziro lake. Ana aang'ono ena amachita mantha polowa, choncho agwireni dzanja. Funsani kaye ngati kujambula n'kololedwa. Ndikanalangiza kuti amene angathe ayambire ku Mua pa Khrisimasi n'kudzakwera ku Chongoni m'chilimwe, chifukwa amene waona kasiyamaliro ndi kumva tanthauzo lake savutika kumuzindikira akamuona pathanthwe.

M'maulendo amenewa mukhoza kukumana ndi gule panjira, makamaka m'miyezi ya pambuyo pa kukolola. Patukani, muonetse ulemu monga akuchitira eni dera, ndipo ngati mukufupa, ikani ndalamayo pansi. Musatulutse foni popanda chilolezo, ndipo kumanda kapena kudambwe musayandikireko.

Ku Ntcheu ulendo umayendera tsiku la mwambo. Pa Nkolimbo, kufupi ndi boma, pali manda a Inkosi ya Makhosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo Angoni a Maseko amasonkhanapo chaka ndi chaka pa Umhlangano, kawirikawiri kumayambiriro kwa Sepitembala. Tsiku lenileni limalengezedwa pa wailesi. Fikani m'mawa kuti mupeze pokhala poonekera bwino ngoma ikamavinidwa, amuna atavala zikopa ndi nthenga, zishango ndi zibonga zili m'manja, fumbi likukwera akamaponda pansi onse pamodzi. Malo ogona mufuniretu kwa achibale, popeza anthu amachuluka. Ngati mukubwerera cha ku Dedza, imani pa Lizulu mugule mbatatesi, kabichi ndi tomato, ndipo muwaonetse ana kuti tsidya lina la msewu womwewo ndi dziko la Mozambique.

Za kusunga chikumbutso, zithunzi za pa foni zokha sizikwanira, chifukwa foni zimatayika ndipo zimafa. Madzulo a tsiku lomwelo, zinthu zisanazizire m'mutu, pemphani agogo kapena malume kuti abwereze zimene anafotokoza, ndipo ngati avomera mujambule mawu awo, atayamba ndi kutchula dzina lawo, mfunda wawo ndi mudzi umene anabadwira. Mwana wodziwa kulemba mumupatse kope loti alembemo tsiku, malo, amene analipo ndi chimene chinamudabwitsa, ndipo wamng'ono ajambulemo ndi pensulo chimene anaona pathanthwe. Mukabwerera kutauni, sankhani zithunzi zochepa mukazitsukitse, mulembe maina ndi chaka kuseri kwake, kenaka zina muzitumize kumudzi kwa agogo amene anakuperekezani. Kopelo muzilisiya malo amodzi odziwika, kuti pa tchuthi chotsatira adzapitirize kulembamo ndi mwana wina.