Kudwazika matenda a kayakaya kunyumba nthawi yotentha

Inu amene mukudwazika m'bale wanu kunyumba kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumaposa madigiri 40, musamusiye agonere mbali imodzi. Muzimutembenuza pakatha maola 2 aliwonse. Thukuta likakumana ndi mphasa, zilonda zimabuka msanga m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene. Muyalireni chitenje chofewa, chikanyowa sinthani.

Za chakudya ndiye ndinaphunzirapo mochedwa. Agogo anga ndinkawakakamiza phala poganiza kuti ndikuwapatsa mphamvu, mpaka tsiku lina anatsamwa, maso kuchita kutuluka. Munthu akamatsirizika njala imachoka yokha. Nyowetsani kansalu koyera m'madzi owiritsa ozizira, muzimupukuta milomo ndi m'kamwa. Ngati akumezabe, timadontho ta pasupuni tikwanira.

Ululu ukakula, kafunseni kuchipatala cha boma za morphine wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Mupatseni pa nthawi imene anamwino anena, osadikira kuti ayambe kubuula.

Nkhani za bokosi ndi katundu kakambiraneni kunja, pansi pa mtengo. Angatseke maso, koma makutu amamvabe.