Kusamutsa Shepard wanu kupita naye ku Mass Effect 2

Kodi Shepard, msilikali amene munavutika naye posewera gemu ya Mass Effect yoyamba, angapitirire mu yachiwiri? Inde, ndipo mu Legendary Edition ya 2021, yomwe inaphatikiza magemu onse atatu, n'zosavuta.

Choyamba malizani gemu yoyamba mpaka kumapeto, chifukwa sevu ya pakati pa nkhani sigwira. Mukatero tsegulani Mass Effect 2 pa makina ndi akaunti yomweyo, dinani New Game, kenako Import ME1 Character, n'kusankha Shepard wanuyo.

Nkhope ndi class (mtundu wa msilikali ndi luso lake) mukhoza kusintha. Zimene munasankha kale ndiye sizisinthika: mnzanu amene munamusiya kuti afe pa pulaneti la Virmire, kaya Ashley kaya Kaidan, sabwereranso. Ngati Wrex, mnzanu wina wa pankhondo, anapulumuka, mukamupeza kwawo ku pulaneti la Tuchanka akutsogolera fuko la Urdnot. Chifukwa cha iyeyo, ine sindingayambe ndi Shepard watsopano.