Momwe mungaonerere mpikisano wa dressage ngati woweruza

Pa masewera a Olimpiki pali mpikisano womwe ambiri amaudumpha poganiza kuti palibe chikuchitika: kavalo akuzungulira m'bwalo la mchenga, womukwera ali duu. Umenewu ndi dressage, ndipo udachokera kwa asilikali apakavalo. Kuyambira 1912 mpaka 1948 ololedwa kupikisana anali akuluakulu a asilikali okha, moti Sweden idalandidwa mendulo ya golide yomwe idapata mu 1948 zitadziwika kuti mmodzi mwa okwera ake, Gehnäll Persson, udindo wake sudafike pamenepo. Mmodzi mwa akuluakulu oterewa, Alois Podhajsky wa ku Austria, adakhala wachitatu ku Berlin mu 1936 pa kavalo wotchedwa Nero, ndipo kuyambira 1939 adatsogolera Spanish Riding School, sukulu yophunzitsa akavalo ndi okwera ku Vienna. Chomwe msilikali ankafuna pa kavalo n'chomwe oweruza amafunabe lero: kumvera kopanda mantha.

Yambani ndi bwalo. Ndi lalitali mamita 60, mulifupi mamita 20, ndipo m'mbali mwake muli zilembo. Wokwera amalowera pa A, woweruza wamkulu amakhala pa C. Pa Olimpiki oweruza amakhala asanu ndi awiri, aliyense amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa kayendedwe kalikonse.

Kenako werengani mapazi. Kavalo akamayenda wamba ziboda zimagunda kanayi, pa trot (kuthamanga pang'ono) kawiri, pa canter (kuthamanga modumphadumpha) katatu. Kugundaku kukasokonekera, malikisi amatsika ngakhale kavalo atakongola bwanji.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo apa ndikupempha mudekhe. Maso amathamangira miyendo yakutsogolo chifukwa ndiyo imanyamuka m'mwamba mochititsa kaso. Isiyeni kaye. Onani yakumbuyo: kodi ikulowa pansi pa mimba n'kusenza thupi, kapena ikungokwekwereza? Onani msana ngati ukuwinduka momasuka, mchira ngati ukulendewera bwino osati kukwapulakwapula. Kukamwa kukhale kotseka, lilime lisatuluke, mphuno isapanikizidwe kuchifuwa. Kavalo womangika amaoneka, ndipo kwa ine woteroyo sayenera kuwomberedwa m'manja, ngakhale miyendo itafika kumwamba.

Mukatero, yang'anani wokwera. Katswiri saoneka akulamula; manja amakhala bata, miyendo ndi kulemera kwa thupi lake ndizo zimalankhula. Akatulutsa mawu kwa kavalo amachotseredwa malikisi. Magazi akaoneka pa kavalo, woweruza wa pa C amaimitsa zonse n'kumutulutsa mu mpikisano.

Zovuta monga piaffe, pomwe kavalo amachita trot ali pamalo amodzi, muziweruze ndi muyeso womwewu: mapazi awiriawiri, chiuno chotsika, kavalo wodekha.

Tsopano pezani vidiyo ya Grand Prix (gawo lapamwamba kwambiri la dressage) pa YouTube, tengani pepala, lembani malikisi anu musanaone a oweruza. Pomwe mwasiyana nawo kwambiri, bwezani vidiyoyo muone miyendo yakumbuyo yokha.